Ukwati wa ku Joni: oitana aziganiziranso za msewu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi ana athu amene ali ku South Africa, komanso makolo anzanga a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, pa nkhani ya maukwati amene masiku ano akumangidwira kunja. Kale mnyamata akapeza mbeta ku Joni ankatumiza mawu kwa amalume ake kuti akagogode kwawo kwa mkaziyo, ndipo zonse zinkachitikira kumudzi. Tsopano khadi limangofika pa WhatsApp, lokongola ndithu, lotchula tsiku, tchalitchi ndi holo ya ku Johannesburg kapena ku Pretoria, ndipo pansi pake pamalembedwa kuti abale nonse mukuitanidwa. Za mmene abalewo adzafikire kumeneko palibe amene amazitchula. Ine ndinakhalapo nkhoswe pa ukwati wotere, wa mwana wa mlongo wanga, ndipo chimene chinativuta kuposa zonse unali msewu. Pempho langa n'lakuti amene mwasankha kukamangira ukwati kutali muziwerengera ulendo wa abale anu pamodzi ndi ndalama za holo, za chakudya ndi za diresi. Walira mvula walira matope.

Ndiyambe ndi ife a m'malire, chifukwa tili ndi chizolowezi chimene chimatinamiza. Kuchokera ku Dedza kudzafika ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire. Pa Lizulu pano ukaima pamsika, tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Timakagula chimanga kumeneko, timakakhuza maliro kumeneko, ana athu anakwatira ndi kukwatiwa ku Angonia, ndipo anthu a kumeneko timamvana nawo m'chiyankhulo chomwechi. Munthu amapita m'mawa pa njinga n'kubwerako madzulo. Choncho agogo akamva kuti ukwati uli kunja, m'maganizo mwawo mumabwera ulendo wonga womwewo, wongotalikirapo pang'ono. Koma wopita ku Joni pa basi amatuluka m'dziko lino n'kuponda mayiko ena atatu. Zipata ndi zitatu, ndipo pa chipata chilichonse pali ofesi yotulukira ndi ofesi yolowera. Kupita ndi kubwera, pasipoti imadindidwa malo 12. Chitupa cha unzika kapena kapepala kamene timawolokera nako pafupi pano sizingakufikitseni kumeneko.

Njira yake ndi iyi, kwa amene sanayendepo. Mukatuluka pa chipata cha Dedza mumalowa pa Calomue, n'kutsetsereka kuchoka kumapiri ozizira a Angonia kupita ku Tete, kumene kutentha kwake munthu wa kwathu kuno amavula juzi ndi jekete yomwe. Mumawoloka Zambezi, n'kukafika pa Cuchamano, kumene mumatuluka mu Mozambique n'kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare, ndiye pamatsalabe makilomita pafupifupi 580 kudzera ku Masvingo kuti mukafike pa Beitbridge, chipata cholowera mu South Africa. Mukawoloka Limpopo mwafika ku Musina, komabe Johannesburg ali patsogolo makilomita oposa 500. Zonse pamodzi kuchokera ku Dedza zimaposa makilomita 1,700. Mabasi ena ochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza ndi Zobue, koma onse amakakumana ku Tete komweko. Woyenda amagona pampando, ndipo basi ikachedwa pa zipata usiku wachiwiri umamupeza ali pampando womwewo.

Nkhani ya pasipoti ndiyo iyenera kuyamba, nsalu ya yunifolomu isanasankhidwe n'komwe. Tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina ake alowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Chaka chomwecho mtengo wa pasipoti wamba unatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Kwa mwana amene amalandira ma rand ndalamayo ingaoneke yochepa, koma kwa mayi wa ku Tsangano amene amadalira kachewere ndi yambiri, ndipo pamwamba pake pali thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukajambulitsa, kenako kubwereranso kukaitenga. Khadi likafika patatsala mwezi umodzi, anthu amathamangira kwa madobadoba amene amalonjeza kuti aifulumizitsa, ndipo ena amangodyeredwa ndalama. Ngati mukufunadi kuti amalume anu ndi azakhali anu adzakhalepo, auzeni patatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Amene ali nayo kale pasipoti aitulutse mu sutikesi, wina wodziwa kuwerenga aone tsiku lothera ntchito ndi masamba opanda chidindo amene atsala. Dziko la South Africa limafuna kuti pasipoti ikhalebe ndi moyo masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mudzatuluke m'dzikomo. Azakhali a mkwati wathu anazindikira kuti yawo inatha kale ntchito atagula kale tikiti, ndipo anatsala akulira.

Ndalama nazo n'zofunika kuzikambirana poyera, popanda manyazi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja m'mabanki zimasowa. Munthu wa kumudzi akafuna ma rand amakathera kwa osintha a mumsewu, kumene mtengo wake ndi wokwera ndipo chiopsezo cholandira ndalama zachinyengo chilipo. Panjira kwacha ilibe ntchito. Ku Tete amafuna meticais, ku Zimbabwe anthu ambiri amagulitsa zinthu pa madola a ku America, ndipo m'malo ambiri oimapo basi ngakhale chimbudzi n'cholipira. Mwana amene ali ku Joni ndiye ali pafupi ndi ma rand, choncho ndi iyeyo ayenera kugula matikiti, opita ndi obwerera omwe, n'kutumizanso kangachepe ka panjira. A pa chipata ali ndi mphamvu yofunsa kumene mukukafikira, tikiti yobwerera ndi ndalama zodzisamalira nazo, ndipo kuyankha kuti mwana wanga akandichingamira sikokwanira. Mlendo aliyense akhale ndi kalata yomuitana yosindikizidwa papepala, yotchula dzina la woitana, adiresi yeniyeni ya nyumba ndi nambala ya foni. Ndikunena papepala chifukwa foni imatha moto basi isanafike n'komwe ku Harare.

Chimene chimandipweteka n'chakuti maukwati ambiri otere amaikidwa mu Disembala, chifukwa ndi pamene ana athu amapuma kuntchito. Kuno Disembala ndi nthawi ya kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo Januwale amadza ndi fizi. Ndaona bambo akugulitsa mbuzi ndi matumba a feteleza kuti asachite manyazi pamaso pa asewere awo, n'kudzakolola zochepa chaka chimenecho. Komanso nyengo ya Khirisimasi ndi ya Pasaka ndi imene pa Beitbridge pamadzaza kwambiri, popeza anthu a ku Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi mayiko ena onse amadutsira pomwepo. Basi ikafika aliyense amatsika n'kukaima pamzere, ndipo nthawi zina katundu yense wa mu ngolo ya kumbuyo amatsitsidwa kuti aonedwe. Munthu mmodzi akakhala ndi vuto la mapepala, basi yonse imamudikira.

Pa ukwati wa mphwanga uja, ife akuchikazi tinafika tsiku la mwambo lisanayandikire kwambiri, chifukwa mkwatibwi anaumirira kuti titero. Akuchimuna anawerengera nthawi monga inalembedwera pa tikiti, kuti adzafika Lachisanu madzulo, ukwati uli Loweruka m'mawa. Basi yawo inawonongeka pakati pa Harare ndi Masvingo, kenako inapeza mzere wautali pa chipata. Nkhoswe ya mwamuna, bambo wachikulire amene anayendetsa nkhani yonse kuchokera tsiku logogoda, inafika madyerero akutha, fumbi lili m'mutu, suti ili m'chikwama. M'tchalitchi anaimiriridwa ndi mnyamata wogwira ntchito limodzi ndi mkwati, amene sadziwa ngakhale dzina la mudzi wa mkwatiyo. Bamboyo sanakalipe, anangokhala pansi n'kufunsa kuti, “Ndiye ine ndabwerera chiyani?” Funso limenelo palibe anatha kuliyankha. Nkhoswe si munthu wokongoletsa zithunzi. Ndi amene adzadzutsidwe usiku banja likadzagwedezeka, ndipo mawu ake amalemera chifukwa analipo pamene awiriwo ankalonjezana. Ndiye muziika masiku awiri kapena atatu apadera pakati pa tsiku lofika ndi tsiku la ukwati. Njira ya ku Tete nayo ili ndi zake: chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 chitatha kunabuka ziwawa, misewu ina inkatsekedwa, ndipo amene anali ndi maulendo nyengo imeneyo anaona zovuta.

Za okalamba ndikufuna ndinenepo motsindika. Mayi wa zaka zoposa 70, wodwala BP kapena shuga, kumukhazika pampando wa basi usana ndi usiku n'kumuzunza, ngakhale iye mwini atanena kuti apirira chifukwa cha mdzukulu. Miyendo imatupa. Ambiri amaleka kumwa madzi poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime, ndipo akafika ku Tete kotentha kuja amafooka. Mankhwala asamaikidwe m'chikwama chachikulu chopita ku ngolo, azikhala m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo akhale okwanira masiku onse ndi ena owonjezera. Ndege yochokera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg imatenga maola osakwana atatu. Ndi yodula, inde, koma ngati pali ndalama zobwerekera galimoto zapamwamba zoti akwati ajambulitse nazo, ndiye kuti ndalama zokwezera mayi wobereka ndege ziliponso. Ndipo ukwati ukakhala mu Juni kapena Julaye, tisadzitame kuti ife a ku Dedza kuzizira tinakuzolowera. Johannesburg ali pamtunda kuposa tawuni ya Dedza, m'mawa madzi amatha kuuma panja, ndipo kumeneko kulibe moto wa nkhuni woti n'kuwotha pakhomo.

Katundu ndiye amabweretsa mkangano wina. Mayi wa Chingoni sangapite ku ukwati wa mwana wake chimanjamanja. Amafuna kunyamula ufa woyera, nyemba, nsinjiro, usipa, kachewere, ndipo wina amafunsa ngati n'kotheka kutenga tambala ndi msoti zoti ankhoswe akasinthane. Nkhuku yamoyo siingawoloke zipata zimenezi. Nyama, mbewu ndi zomera zina zimafuna chilolezo polowa mu South Africa, ndipo zopanda chilolezo zimalandidwa. A basi nawo amalipiritsa katundu akapitirira muyeso. Chinanso chimene ndikuchenjeza ndi mtima wonse: pa depoti pamabwera anthu opempha kuti mukawaperekere kaphukusi kwa m'bale wawo ku Joni. Musalandire phukusi limene simunaone mkati mwake, ngakhale wopemphayo ndi wa mudzi woyandikana nawo. Chikapezeka choletsedwa, womangidwa ndi amene wanyamula. Ana aang'ono nawonso aliyense amafunika pasipoti yakeyake, ndipo mwana woyenda ndi azakhali kapena agogo akhale ndi kalata ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo cha makolo ake.

Kufika ku Johannesburg si kutha kwa ulendo. Basi imatha kufika pakati pa usiku, ndipo pa depoti ya Park Station ndi misewu yozungulira pamenepo si malo oti munthu wachilendo aziima ndi zikwama akuyang'anayang'ana. Wodzachingamira akhale munthu wodziwika nkhope, ndipo asakhale mkwati kapena mkwatibwi, amene sabata imeneyo mitu yawo imakhala yodzaza. Nambala za Airtel ndi TNM sizigwira kunja ngati simunakonzeretu, ndipo kugula nambala ya kumeneko kumafuna kulembetsa. Ngakhale potchajira foni m'posiyana: mapulagi athu ndi a mano a makona, ambiri a kumeneko ndi a mano obulungira. Chabwino chokha n'chakuti wotchi simuisintha, nthawi ndi imodzi m'mayiko onse anayi.

Pogona ndi pamene ulemu wathu umayesedwa. Ana athu ambiri kumeneko amakhala m'chipinda chimodzi chalendi, ena kuseri kwa nyumba za mabwana awo, ndipo kumudzi sanena zimenezi. Abale akafika ochuluka, mumapeza mpongozi ndi mkamwini akugona mopingasana pansi m'chipinda chimodzi, chinthu chimene kwathu n'chosayenera ngakhale pamaliro. Mwana wanga, ngati malo ako ndi ochepa nena zoona, palibe amene adzakuseke. Werengera anthu amene ungawagoneke mwaulemu, amuna kwaokha, amayi kwaokha, n'kuitana okhawo. Magulu a Amalawi a m'matchalitchi a kumeneko amathandiza kulandira alendo akauzidwa nthawi ilipo.

Pali nkhani ina imene sitiikamba mokweza koma tonse tikuidziwa. Achinyamata ena amapempha kulowa nawo pa mndandanda wa opita ku ukwati cholinga chawo chili chokatsalira komweko. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ndipo masiku enieni amene mwapatsidwa ndi amene alembedwa pa chidindo, choncho muziwerenga musanachoke pa windo. Wopitiriza masikuwo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Wogwidwa alibe mapepala amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Sindikuweruza mnyamata wosowa ntchito, umphawi wa kuno ndikuudziwa, ndipo agogo athu nawonso anapita ku migodi pa Wenela ndi pa Theba. Koma iwo ankapita ndi mapepala a ntchito. Wotsalira pa ukwati amasiya mtolo pamutu pa banja latsopano, limene liyenera kumudyetsa ndi kumubisa mwezi woyamba womwe wa ukwati wawo, m'dziko limene alendo anaukiridwapo mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019. Mtsogoleri wa ulendo awerenge anthu popita, awerengenso pobwera, ndipo makolo a mnyamata aliyense auzidwe zimenezi asananyamuke.

Tisaiwalenso kuti munthu amadwala kapena kumwalira kumene ali paulendo. Kubweretsa maliro kuchokera ku Joni pa galimoto kumadya ndalama zambiri ndipo kumafuna mapepala a mayiko onse odutsamo. Woitana afunse za inshuwalansi ya paulendo, makamaka ya okalamba, ndipo banja ligwirizane ulendo usanayambe kuti zoterezi zitachitika adzayendetse zinthu ndani.

Maganizo anga tsono ndi awa. Sindikuletsa ukwati wa kunja. Ena akukwatira Azulu, Asotho kapena anthu a ku Zimbabwe, ndipo akuchikazi ali ndi ufulu wofuna kuti mwambo uchitikire kwawo. Enanso mabwana awo sawapatsa masiku okwanira kuti abwere kuno. Koma pamene onse awiri ndi Amalawi, chinkhoswe chizichitikira kumudzi. Kumeneko nkhuku zilipo, khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko zilipo, thobwa liphikidwa, anamkungwi alangiza mwana mosathamanga, ndipo agogo amene sangakwere basi adzaona ndi maso awo. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe chathu, choncho palibe chifukwa choonera mwambo wa kumudzi ngati wochepa. Ku Joni kukapite kagulu kochepa: makolo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi munthu mmodzi wamphamvu amene anayendapo njirayo, wodziwa Chingerezi, wosunga mafotokope a mapasipoti onse ndi manambala a foni. Onsewa akwere basi imodzi. Ndalama za perekaniperekani za otsala zikhoza kutumizidwa pa foni, ndipo mwambo angauonere pa foni pomwepo atasonkhana pakhomo.

Kwa abale anzanga otsala ndikuti tisamakwiye dzina lathu likapanda kulowa pa mndandanda. Chimene chimachititsa ana kuitana mudzi wonse pa khadi ndi mantha akuti azakhali akutiakuti adzadandaula kuti anasalidwa. Tikawamasula pa mantha amenewo adzatha kunena zoona za m'thumba mwawo. Abusa ndi ansembe athu, kaya a CCAP, a Katolika kapena a mipingo ina, akamalemba kalata yoti mkhristu wawo akamangitse ukwati kunja, azifunsanso kuti ankhoswe adzayenda bwanji ndipo adzafika liti.

Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti Disembala asanafike mutume mtolankhani wanu ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, akafunse zonse zofunika pa chipata chilichonse cha njira imeneyi, za akulu ndi za ana, ndi mitengo ya mapasipoti imene ilipo panopa. Mudzazisindikize m'Chichewa, kuti ife tidzaziwerenge pa misonkhano ya makomiti a ukwati ndi kuzimata pa bolodi la kutchalitchi.

Ine wanu,
Nkhoswe wa ku Lizulu, Ntcheu